Ka memory saver kolumikiza pa OBD: kamathandiza, koma osati pa zomwe ogulitsa amanena

Ka memory saver aka, kachipangizo kopatsa makompyuta a galimoto moto pamene mukusintha batire kuti asaiwale zimene asunga, ndakhala nako kwa kanthawi ndithu, ndakagwiritsa ntchito pa galimoto yanga komanso pa za anzanga amene amadzakabwereka batire likawathera, nde ndati bola ndingolemba zonse pamodzi chifukwa mafunso amene ndimafunsidwa ndi omweomwewo. Kunena mwachidule, kamagwira ntchito, ndipo katati kasowe ndikhoza kugulanso kena. Koma chifukwa chimene ogulitsa ambiri amapereka, choti mukangochotsa batire ndiye kuti pulogalamu ya kompyuta bokosi yafufutika basi galimoto sidzaliranso bwino, chimenecho ndi choopsezera anthu kuti agule. Kamateteza zinthu zina osati pulogalamu, komanso kali ndi kangozi kake kamene pa paketi ya kangaka analemba ndi timalemba toti mpaka utsinzine diso limodzi kuti uwerenge.

Kwa amene simunakaonepo, ndi waya chabe. Mbali imodzi kuli pulagi yolowa mu soketi ya OBD, ija ya mabowo 16 imene imakhala kunsi kwa dashibodi cha pa bondo la dalaivala, pomwe amakaniko amalumikiza makina awo a diagnosis. Mbali inayo kuli timanja tiwiri, kofiira ndi kakuda, tofanana ndi ta majampa koma tating'ono, toluma pa batire lina la 12V. Pakati pali kabokosi kokhala ndi fyuzi, ka diode koletsa magetsi kubwerera kumene akuchokera, ndi timagetsi tiwiri toonetsa kuti mbali zonse zili ndi moto. Nzeru yake ndi yophweka kwambiri. Pa soketi ya OBD, pini ya nambala 16 imakhala ndi moto wa batire nthawi zonse olo kiyi mutachotsa, ndipo pini 4 ndi pini 5 ndi za earth, nde mukalowetsa magetsi kudzera pa mapini amenewa makompyuta onse a m'galimoto sazindikira nkomwe kuti batire lenileni lachoka. Soketi yake ndi imodzimodzi pa magalimoto ambiri chifukwa ku America anailamula kuyambira pa magalimoto a 1996, ku Europe anatsatira mu 2001 pa a petulo, nde pulagi imodzi imalowa pafupifupi paliponse.

Kapangidwe kake sikodabwitsa ayi. Pulagi imalowa molimba, siigwedera, izi ndinazikonda chifukwa ikangotuluka pang'ono muli pakati pa ntchito ndiye kuti zonse zapita. Koma timanja tolumira pa batire tija masipiling'i ake ndi ofooka, pa theminolo yonenepa kamodzi kamatsetsereka pang'onopang'ono mpaka kudumpha kokha, nde ndimachita kulumitsa pa bauti osati pa mutu wa theminolo. Timagetsi take nato masana dzuwa likuswa mtengo sitioneka, umachita kuphimba ndi dzanja kuti udziwe ngati tayaka. Waya wake ndi wopyapyala, koma pamenepo sindidandaula, sanapangidwe kuti azinyamula moto wambiri.

Tsopano nkhani ya pulogalamu ija, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amasokonekera, ngakhale amakaniko ena. Mu kompyuta ya injini muli zinthu za mitundu iwiri. Pali pulogalamu yeniyeni imene anaika ku fakitale, mamapu a mafuta, nthawi ya spark, malire a ma rev, zonsezi zimakhala mu flash memory, mtundu womwewo wa mu fulashi yanu imene mumaizula pa laputopu zithunzi osasowa. Izi sizifuna magetsi kuti zikhalepo. Galimoto ikhoza kukhala chaka yopanda batire pulogalamu ili chikhalire. Ngati munachititsa remap, kuja kosinthitsa pulogalamu ya ku fakitale, nayo ili momwemo, sichoka. Makhodi a kiyi a immobiliser, ija yoletsa injini kulira ndi kiyi yachilendo, nawo sachoka, makhodi a ma injector pa dizilo chimodzimodzi. Kenako pali zinthu zimene kompyuta yaphunzira yokha pamene galimoto ikuyenda, ndipo pa magalimoto ambiri makamaka akale pang'ono zimenezi zimakhala mu memory yofuna kamoto nthawi zonse, a Ford amaitchula kuti KAM. Pulogalamu ili ngati buku losindikiza, zophunzira zija zili ngati zolemba ndi choko pa bolodi, kuchotsa batire ndi kupukuta bolodi, buku silikhudzidwa. Ka memory saver kamateteza bolodi basi.

Nde funso lenileni ndi loti pa bolodipo pamalembedwa chani, ndipo zikafufutika mutaya chani.

Choyamba ndi ma fuel trim. Injini ya petulo imafuna mpweya ndi mafuta zisakanikirane pa mulingo wa pafupifupi 14.7 kwa 1, ndipo sensa ya oxygen ya pa ekisozi ndi imene imauza kompyuta ngati mafuta achuluka kapena achepa. Injini ikamakalamba ma injector amayamba kutsekeka pang'ono, sensa ya mpweya imada, kapayipi kena kamayamba kuyamwa mpweya pambali, nde kompyuta imaona kuti nthawi zonse ndikumawonjezera mafuta pang'ono, bwanji ndingosunga nambala imeneyi ndiziyambira pomwepo. Nambala yosungidwayo ndi imene pa sikana, kamakina kowerengera kompyuta ya galimoto kudzera pa OBD, imaoneka ngati long term fuel trim. Pa injini yabwinobwino imakhala pafupi ndi ziro, ikapitirira 10 peresenti mbali iliyonse ndiye kuti pali china chofunika kuona. Mukachotsa batire nambala imeneyi imabwerera pa ziro. Ngati inali kale pa 2 kapena 3 peresenti simumva kusintha kulikonse, koma ngati inali pa 18 chifukwa pali vuto limene kompyuta imabisa, galimoto imayamba kunjenjemera, kuzengereza mukaponda, mpaka itaphunziranso. Ndi chifukwa chake wina amati ine ndimachotsa batire nthawi zonse palibe chimachitika, mnzake nkumati yanga inasokonekeratu, onse akunena zoona, injini zawo ndi zimene zikusiyana.

Chachiwiri, ndipo ichi ndi chimene chimavutitsa anthu kwambiri, ndi idling, kulira kwa injini payokha musanaponde moto. Magalimoto amakono throttle yake, polowera mpweya wopita mu injini, ilibe waya wochokera ku phazi, imatsegulidwa ndi kamota kolamulidwa ndi kompyuta. Pakapita zaka, m'mphepete mwa kachitseko ka throttle mumamera mwaye wakuda wosakanikirana ndi utsi wa oyilo, mpata wa mpweya nkumachepa, kompyuta nkumatsegula kachitseko mowonjezera pang'onopang'ono kuti ma rev akhale pomwe akufunika. Inu simudziwa kanthu chifukwa zimachitika mwa kachetechete. Batire likachoka, kompyuta imabwerera pa mpata wa throttle yoyera ya ku fakitale, pomwe throttle yeniyeniyo ndi yakuda bii, mpweya sukwanira. Ndinazionera pafupi pa galimoto ya mnzanga amene anasinthitsa batire kwina popanda kachipangizo aka. Kasingano ka ma rev kamatsika mpaka cha pa 400, galimoto yonse kunjenjemera, kenako kukwera kudutsa 1000, kutsikanso, ndipo akangoyatsa eyakoni kapena kuima pa maloboti ili mu D imazima. Iye anali atatsimikiza kale kuti amuwotchera kompyuta bokosi, anali wokonzeka kukayambana nawo. Titamasula payipi ya mpweya nkuunika ndi tochi ya foni munali mkombero wakuda wonata mozungulira kachitseko konse, ukapalasa ndi chikhadabo umatuluka ngati phula. Tinapukuta ndi nsalu ndi mankhwala otsukira throttle, tinaisiya ilire mpaka fani itazungulira, ma rev anakhazikika. Kompyuta inalibe vuto olo pang'ono. Ka memory saver kakanamupulumutsa ku mantha amenewo, zoona, koma throttle ikanakhalabe yakuda, kakanangobisa nkhaniyo mpaka tsiku lina.

Chachitatu ndi giyabokosi ya otomatiki, nayo imaphunzira mphamvu ya oyilo yofunika kuti ma clutch a mkati agwire bwino malinga ndi mmene aperesekera. Ikaiwala, masiku oyambirira magiya amatha kulowa mogunda kapena mochedwa, kenako zimakhala bwino zokha. Apa ndi pomwe pamachokeranso kabodza kena koti kuchotsa batire kumawonjezera mphamvu. Anthu amamva galimoto ikusintha magiya mosiyana nkumati yapepuka, yayamba kuthamanga. Palibe mphamvu imene yawonjezeka, pakapita masiku ochepa imabwerera momwe inalili chifukwa injini ndi yomweyo, woyendetsa ndi yemweyo.

Kenako pali tating'onoting'ono tosakhudza injini koma totopetsa: wotchi, masiteshoni a wailesi, mawailesi ena makamaka a magalimoto akale a Honda ndi ena a ku Europe amafuna khodi, ndipo ngati galimoto munagula kwa munthu kakhadi ka khodi kanasowa kalekale, nde mwakhala opanda wailesi. Magalasi a pa zitseko amaiwala kukwera okha mukadina kamodzi, umachita kuwaphunzitsanso pokweza mpaka pamwamba nkugwirabe batani kwa masekondi angapo. Ena getsi la traction, lija lochenjeza za kutsetsereka kwa matayala, limayaka mpaka mutakhotetsa chiwongolero mbali zonse mpaka kumapeto. Kunena chilungamo, kwa ine phindu lalikulu la kachipangizoka lili pa tinthu timeneti, makamaka khodi ya wailesi, kuposa pa injini.

Ndiyenera kunenanso kuti si magalimoto onse amene amaiwala. Ambiri atsopano amasunga zophunzirazi mu memory yosafuna magetsi, nde mukhoza kuchotsa batire usiku wonse mmawa ma fuel trim ali pomwe analipo. Amenewo kuti muwaiwalitse mumachita kufuna sikana. Nde musanagule, dziwani kaye galimoto yanu ili mbali iti, buku lake limanena zofunika kuchita batire likachotsedwa.

Mmene ndimakagwiritsira ntchito: kiyi ndimachotsa, zonse zozima, ndimalumikiza timanja pa batire lothandizira, kenako pulagi mu soketi, ndikuona kuti timagetsi tonse tayaka. Batire lothandizira likhale lodzadza, ndimaliyeza kaye, likhale cha pa 12.6V. Galasi la kwa dalaivala ndimakhala nditatsitsiratu ndisanachotse kiyi, ndimatseka zitseko zonse, nkudikira kwa mphindi zingapo kuti makompyuta agone, chifukwa galimoto imene yangozimitsidwa kumene imakokabe moto wambiri, pomwe ikagona imangokoka timamiliampu tochepa. Kenako sipanala, nthawi zambiri ya 10, kuyamba ndi negative kenako positive, pobwezera kuyamba ndi positive kumaliza ndi negative. Ndinayesa kuona ndi sikana yanga yaing'ono ya pa foni ndisanayambe komanso nditamaliza, long term fuel trim inali pomwe inali, wotchi yolondola, wailesi ili pa siteshoni yomweyo, injini inalira ngati palibe chachitika. Pamenepa kanachita zomwe kanalonjeza, sindingakanamizire.

Koma nayi ngozi ija. Tonse tinaphunzitsidwa kuti ukachotsa negative ndiye kuti galimoto yafa, ukhoza kugwira paliponse. Ndi ka memory saver lamulo limeneli silikugwiranso ntchito. Waya wa positive uja mwamasula nkumusiya akulendewera ali ndi moto, chifukwa magetsi akulowera ku soketi ya OBD nkufika mpaka pa theminolo. Ndipo mmene mabatire amakhalira mopanikizika, pomwe mukulimbana ndi kunyamula chibatire cholemera, theminolo ija imangogwera pa chitsulo chogwirira batire kapena pa bodi, phethi, fyuzi yapsa. Mwayi wake fyuzi ya pa kachipangizo ndi imene imayamba kupsa, koma pena imapsa ya galimoto, ija yodyetsa soketi ya OBD, imene pa magalimoto ena imadyetsanso zinthu zina monga magetsi a mkati kapena wailesi. Zikatero memory yapita, komanso mwatsala ndi ntchito yosaka fyuzi. Ine theminolo ya positive ndikangoimasula ndimaiveka gulovu ya labala nkumanga ndi kachingwe, kenako ndimaikankhira kutali. Opanga akanangoika kachipewa ka labala m'paketimo nkhani ikanatha, koma ayi, mulibe.

China, musatsegule chitseko ntchito ili mkati. Mukatsegula magetsi a mkati amayaka, makompyuta amadzuka, magalimoto ena pampu ya mafuta imayamba kulira pokonzekera kuti mwina muliza, zonsezi zikukoka moto kudzera pa kawaya kopyapyala ndi kafyuzi ka maampu ochepa. Osaponda buleki, osadina rimoti, ndipo chonde osayesa kuliza. Ndi chifukwa chake ndimatsitsiratu galasi, kuti ngati pali chofuna kutenga mkati ndingopisa dzanja, komanso magalimoto ena amadzikhoma okha magetsi akasokonekera, kiyi ili mkati.

Ndipo pali ntchito zimene kachipangizoka sikayenera kuyandikira nkomwe. Ngati mukuchotsa batire chifukwa mukufuna kugwira sitata, alternator, kuwotcherera pa bodi, kapena chilichonse chokhudza ma airbag ndi chiwongolero, cholinga chonse ndi choti galimoto ikhale yopanda moto. Kulumikiza memory saver pamenepo ndi kubwezera moto womwe mwauchotsa. Ma airbag ali ndi kosungira magetsi kawo, nchifukwa chake opanga amati mukachotsa batire mudikire kaye, a Toyota amati masekondi 90, a Honda mphindi zitatu. Bola kutaya masiteshoni a wailesi. Ndimaona anthu pa intaneti akulimbikitsa kuti kazilumikizidwa pa ntchito iliyonse yofuna kuchotsa batire, amenewo musawamvere, ndi kosinthira batire basi.

Chinanso chimene sikachita, ndipo ogulitsa sanena, ndi kulembetsa batire latsopano mu kompyuta. Magalimoto ambiri a BMW, Audi, Volkswagen, ndi a Ford ena atsopano, makamaka aja ozima okha pa maloboti, ali ndi kasensa pa theminolo ya negative kowerenga moto wolowa ndi wotuluka, ndipo kompyuta imasintha katchajidwe malinga ndi ukalamba wa batire. Mukaika latsopano osaiuza, imapitiriza kulitchaja ngati lakale lija, ndipo silikhalitsa mmene likanakhalira. Apa memory saver ikuchita kusunga bwinobwino mbiri ya batire limene mwalitaya kale. Pamafunika sikana yotha kuchita registration, komanso ngati galimoto inabwera ndi batire la AGM kapena EFB, mitundu yopirira kuliza injini pafupipafupi, muikemo la mtundu womwewo, osati lamadzi wamba chifukwa choti likukwana pamalopo.

Mtundu wina wa memory saver umene ndinauyesako ndi uja wolowetsa pa soketi ya laita, wogwiritsa ntchito kabatire ka 9V. Umenewo sindikulimbikitsa. Magalimoto ambiri soketi ya laita imazima mukachotsa kiyi, nde magetsi a kabatire kaja safika kulikonse, mumangodzinamiza. Olo pa galimoto imene soketi yake imakhala ndi moto nthawi zonse, kabatire ka 9V kalibe mphamvu, kompyuta imodzi ikangodzuka kagwa pomwepo. Enanso amalumikiza majampa kuchokera ku batire lina molunjika pa mawaya a galimoto uku akusintha, zimatheka koma palibe fyuzi pakati, positive ikakhudza bodi ndi moto weniweni wosungunula sipanala, pafupi ndi batire limene limatulutsa mpweya wa hydrogen. Pa njira zonsezi ya OBD ndi imene ndaona kuti ndi yabwinoko.

Koma yoipitsitsa ndi ija ya kusintha batire injini ikulira, ati kuti memory isafufutike, kapena kuzula theminolo injini ikulira pofuna kuona ngati alternator ikutchaja. Zimenezo zinkatheka pa magalimoto a kabureta opanda kompyuta. Batire ndi limene limameza kudumphadumpha kwa magetsi a alternator, mukalichotsa mwadzidzidzi ma volti amatha kukwera kwambiri kwa kanthawi kochepa, ndipo apa ndi pomwe kompyuta bokosi imapsadi zenizeni, osati zongoiwala. Kuyeza alternator ndi kuika mita pa batire injini ikulira, pa magalimoto ambiri muona pakati pa 13.5 ndi 14.7V. Njira ina yowotchera kompyuta ndi kutembenuza matheminolo, positive ku negative, zimachitika munthu akagula batire loti mitu yake ili mbali zosemphana nkumakakamiza mawaya kuti afike. Nthawi ina yokha imene kutha kwa magetsi kumawononga pulogalamu ndi pamene kompyuta ili pakati polembedwa pulogalamu yatsopano, nchifukwa chake ochita remap odziwa ntchito amalumikiza kaye chosungira ma volti. Kupatula zimenezi, kuchotsa batire injini itazima sikuwononga kompyuta.

Ndikhudzeko pang'ono aja ochotsa batire dala kuti getsi la check engine lizime, chifukwa ndi mbali ina ya nkhani yomweyi. Inde limazima pa magalimoto ambiri, koma mwafufuta khodi pamodzi ndi freeze frame, chithunzi chija chimene kompyuta inajambula cha ma rev, kutentha kwa injini ndi ma fuel trim pa nthawi imene vuto linachitika, chimene makaniko akanayambira. Ngati inali P0171 yoti mafuta akuchepa poyerekeza ndi mpweya, kapena P0420 ya catalytic converter, choyeretsera utsi cha pa ekisozi, idzabweranso kompyuta ikangomaliza kudziyeza. Kudziyeza kumeneku ndi ma readiness monitor, nawo amabwerera pa not ready batire likachoka, ndipo kuti amalize pamafunika kuyenda mosiyanasiyana, kuliza injini itazizira, mumsewu waukulu, mtauni, ndipo ya EVAP, yoona ngati nthunzi ya petulo sikuthawa, imafuna mafuta a mu tanki asakhale odzadza kapena otsala pang'ono kutha. M'maiko amene amayeza utsi kudzera pa OBD galimoto yotere amaibweza. Komanso magalimoto a ku America a kuyambira cha mu 2010 ali ndi ma permanent code amene sachoka olo muchotse batire kapena mufufute ndi sikana, amachoka okha kompyuta ikaona kuti vuto lathadi. Kwa amene mukugula galimoto yogwiritsidwa kale ntchito iyi ndi mfundo yaulere: lumikizani sikana, mukapeza palibe khodi koma ma monitor ambiri ali not ready ndipo makilomita oyenda chifufutireni makhodi ndi ochepa, dziwani kuti wina wapukuta posachedwa. Mwina anangosintha batire, mwina akubisa kanthu, mufunseni.

Izi zikutanthauzanso kuti pali nthawi imene kuiwala kumafunika. Mukasintha sensa ya mpweya, sensa ya oxygen, mukatseka payipi imene imayamwa mpweya kapena mukatsuka throttle, zophunzira zakale zija zasanduka zolakwika. Throttle yoyera koma kompyuta ikutsegulabe ngati yakuda, ma rev amakhala pamwamba. Pamenepo simukufuna memory saver, mukufuna kompyuta iyambirenso. Magalimoto ambiri amaphunziranso okha: injini itenthe, ilire payokha kwa mphindi zingapo zonse zitazima, kenako ndi eyakoni, kenako mu D phazi lili pa buleki, kenako kuyenda mwachizolowezi. Ena ali ndi ndondomeko yawoyawo, a Nissan ali ndi ija ya Idle Air Volume Learning yoponda ndi kusiya accelerator mowerenga masekondi, imene ukaphonya pang'ono umayambiranso, ndi sikana imaphweka.

Pa ma hybrid kamagwiranso ntchito chifukwa nawo ali ndi batire laling'ono la 12V lodzutsa makompyuta, koma mawaya a olenji aja, a magetsi amphamvu a batire lalikulu, ndi nkhani ina, osawagwira.

Nde ndani akagule? Ngati muli ndi galimoto ya wailesi yofuna khodi imene simukuidziwa, gulani musanachite china chilichonse. Ngati galimoto yanu yayenda makilomita ambiri ndipo munaonapo ikuvuta pa idling batire litachoka, kakuthandizani, ngakhale ndinganene kuti tsukaninso throttle. Amene mumasinthira anthu mabatire ngati ntchito, simuyenera kukhala opanda aka, kamakupulumutsani ku makasitomala obwerera ndi mkwiyo kuti mwawaonongera galimoto pomwe ndi mwaye wa zaka zisanu. Koma ngati yanu ndi yoti batire likachoka mumangokonza wotchi basi, ndalamayo bola muwonjezere mugule sikana ya OBD yolumikiza ku foni, idzakuuzani zambiri kuposa kawaya aka. Pa nyenyezi zisanu ndikapatsa zinayi, imodzi ndachotsa chifukwa cha timanja tofooka ndi kusowa kwa chophimbira positive. Pogula onetsetsani kuti kali ndi fyuzi yoti mukhoza kusintha nokha komanso diode, chifukwa ndaonako tina tomwe ndi waya chabe kuchokera pa timanja mpaka pa pulagi, ndipo musaiwale kuti batire lothandizira m'paketimo mulibe, muyenera kukhala nalo kale kapena ka jump starter, kabatire konyamula pamanja kolizira galimoto, kotulutsa 12V mosalekeza, poti tambiri timadzizimitsa tokha tikaona kuti palibe chikukoka moto wambiri.